Kukaona Mabwinja a Akachisi a ku Ayutthaya: Malangizo kwa Wochokera ku Chigwa cha Shire

Munthu wokulira ku Nsanje kapena ku Chikwawa akamva mawu akuti bwinja, amaganiza za malo amene anthu anasamukapo madzi atawapitikitsa, pamene patsala mitengo ya mango iwiri kapena itatu, mapale ndi maziko a nyumba. Ayutthaya, m'dziko la Thailand, ndi bwinja la mzinda wathunthu umene unali likulu la ufumu wa Siam, dzina lakale la Thailand, kuyambira chaka cha 1350, pamene mfumu U Thong inaukhazikitsa, kufikira chaka cha 1767, pamene asilikali a ku Burma, dziko loyandikana nalo limene lero limatchedwa Myanmar, anautentha. Mzindawu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Bangkok, likulu la dzikolo lero, mtunda wosasiyana kwenikweni ndi wochokera ku Nchalo kukafika ku Blantyre, ndipo bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1991. Musausokoneze ndi Sukhothai, likulu lina lakale lomwenso lili ndi mabwinja a akachisi, koma lili kutali kwambiri chakumpoto, makilomita opitirira 400 kuchokera ku Bangkok.

Alendo ambiri amafika ku Ayutthaya pa basi dzuwa lili paliwombo, amathamangira akachisi asanu kapena asanu ndi mmodzi, kenako amabwerera ku Bangkok ali wefuwefu osakumbukira kuti njerwa izi anaziona pati. Inu ochokera kuchigwa simuyenera kuyenda chotero, chifukwa zinthu zimene zimasautsa alendo ena, monga kutentha, kupalasa njinga, kuwoloka mtsinje pa bwato ndi kusunga mwambo pa malo opatulika, munazizolowera kale kwanu.

Zikalata ndi njira

Yambani ndi pasipoti, imene iyenera kukhala itatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi kuti ithe mphamvu pa tsiku limene mukulowa m'dzikolo. Mmalawi amafunika viza, ndipo popeza dziko la Thailand lilibe ofesi ya kazembe kuno kwathu, pempho limatumizidwa pa intaneti, pamodzi ndi umboni wa tikiti ya ndege yopita ndi yobwerera, malo okagona ndiponso ndalama za kubanki. Chitani zimenezi kudakali masabata angapo, ndipo ngati netiweki ya kumudzi kwanu imadukaduka, pitani kuboma kapena ku Blantyre mukatumize zonse pa tsiku limodzi. Kuyambira mwezi wa Meyi 2025, mlendo aliyense amayeneranso kulemba pa intaneti khadi lolowera m'dziko lotchedwa TDAC m'masiku atatu omaliza asanafike, ndipo kulemba khadili n'kwaulere. Ngati muli ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, litengeni, chifukwa Ethiopia ndi Kenya, kumene ambiri amasinthira ndege, ali pa mndandanda wa mayiko amene akuluakulu a zaumoyo a ku Thailand amawayang'anitsitsa.

Njira yodziwika ndi kukwera zitunda za ku Thabwa kukafika ku Blantyre, kunyamuka pa bwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu ku Lilongwe, kusintha ndege ku Addis Ababa, n'kukatera pa bwalo la Suvarnabhumi ku Bangkok. Nthawi ya ku Thailand ili patsogolo ndi maola asanu, choncho kuno ikamakwana 7 koloko m'mawa, kumeneko ndi 12 koloko masana. Kwacha simungaisinthe kumeneko. Konzani madola muli kuno, ndipo poti ndalama zakunja zimavuta kupeza, yambani kulankhula ndi banki yanu msanga. Madolawo mukawasinthe kukhala baht, ndalama ya ku Thailand, mukafika. Gulaninso adaputala, chifukwa pulagi yathu ya mano atatu amakona silowa m'masoketi ambiri a kumeneko. Pa matikiti ndi pa zikwangwani mukaona chaka chachilendo monga 2568, musadabwe: Athai amawerenga zaka motsatira kalendala ya Chibuda, imene ili patsogolo ndi zaka 543, kotero 2568 ndi 2025.

Nyengo, ndiponso nkhani ya madzi

Miyezi yabwino ndi kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, pamene mvula yaleka ndipo m'mawa mumakhala kayeziyezi. Kuyambira Malichi mpaka Meyi kumatentha ngati ku Ngabu mwezi wa Okutobala, kungoti kutentha kwake ndi kwa chinyontho, thukuta siliuma. Pa 13 mpaka 15 Epulo pamakhala chikondwerero cha chaka chatsopano cha Songkran, pamene anthu amathirana madzi m'misewu, ndipo sitima ndi mabasi zimadzaza.

Nkhani ya mvula ndiyofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndiyo fungulo la mbiri yonse ya mzindawu. Ayutthaya anamangidwa pa chigwa chathyathyathya pamene pamakumana mitsinje itatu, Chao Phraya, Pa Sak ndi Lopburi, ndipo eni ake anakumba ngalande zolumikiza mitsinjeyo kotero kuti mzinda unasanduka chilumba. Chaka chilichonse madzi ochokera kumtunda ankasefukira n'kumiza minda yonse yozungulira, monga momwe Shire ndi Ruo amachitira ku Makhanga, ndipo madzi omwewo ankasiya nthaka yachonde ya mpunga. Madziwo analinso linga. Adani akauzinga mzinda, mafumu ankangotseka zipata n'kudikira dzinja, podziwa kuti madzi akakwera misasa ya adani imira ndipo iwo abwerera okha. Mzinda unagwapo kamodzi mu 1569, koma unadzukanso. Pa nkhondo yomaliza, asilikali a mfumu Hsinbyushin ya ku Burma sanathawe madzi: anasamukira pa zitunda, anasema mabwato, anapirira dzinja lonse, ndipo atauzinga mzinda kwa nthawi yopitirira chaka, anaulowa mu Epulo 1767. Mukamayenda pakati pa makoma ogumukawo, dziwani kuti mukuona mzinda umene unadalira madzi osefukira kwa zaka 417, mpaka tsiku limene unakumana ndi mdani wodziwa kukhala nawo madziwo.

Madziwo sanaleke. Mu 2011 anamiza mbali yaikulu ya Ayutthaya kwa masabata ambiri ndipo anafooketsa maziko a akachisi ena, makamaka a m'mphepete mwa mtsinje. Masiku ano, madzi akayamba kukwera, amaimika zotchinga m'mbali mwa Chao Phraya. Munthu amene anaona za Januwale 2015 kapena za namondwe Freddy mu 2023 safunika kumuuza kawiri kuti Sepitembala ndi Okutobala, miyezi imene mitsinje ya kumeneko imadzaza, si nthawi yoikapo ndalama za ulendo wautali chonchi.

Kuchoka ku Bangkok ndi kuyenda pachilumbapo

Kwerani sitima ya pamtunda. Sitima zambiri zopita kumpoto zimanyamukira pa siteshoni yaikulu ya Krung Thep Aphiwat, zina zapang'onopang'ono zimanyamukirabe pa siteshoni yakale ya Hua Lamphong, ndipo ulendo umatenga ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Tikiti ya kalasi yachitatu ndi yotsika mtengo kwambiri, mawindo amakhala otsekula, ndipo mumaona minda ya mpunga njira yonse. Palinso maminibasi onyamukira ku Mo Chit, kwa amene akufulumira.

Siteshoni ya Ayutthaya ili kutsidya kwa mtsinje wa Pa Sak, kum'mawa kwa chilumba. Mukatsika, dutsani msewu, tsatani kanjira kolowera kudooko, ndipo mupeza bwato la injini limene limawolotsa anthu pa timakobidi tochepa. Amene anawolokapo pa Mtayamoyo adzaseka akaona kufupika kwake. Kutsidyako, ndiponso pafupi ndi siteshoni pomwepo, pali malo obwereketsa njinga zakapalasa pa tsiku lonse. Dera lonse ndi lathyathyathya ngati msewu wa ku Bangula, magalimoto amayenda kumanzere monga kwathu, ndipo akachisi a pakati pa chilumba ali moyandikana. Yesani mabuleki ndi loko musanalipire. Ngati muli ndi achikulire kapena ana, lembani tuk-tuk, kagalimoto ka matayala atatu kamene ku Ayutthaya kali ndi mphuno yonga ya chule; kamalipitsa pa ola, ndipo mtengo ndi akachisi oti mupiteko mugwirizane musanakwere, monga muchitira ndi wakabaza.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti mugone usiku umodzi kapena uwiri ku Ayutthaya komweko. Mukatero mudzagawa tsiku monga mlimi wa kudimba: kulawirira zipata zikangotsegulidwa cha m'ma 8 koloko, kubisala pamthunzi kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko, n'kutulukanso dzuwa litapendeka. M'mabwinjamo mithunzi ndi yochepa, ndipo njerwa zimabweza kutentha ngati uvuni. Nyamulani chipewa kapena ambulera, madzi a m'botolo okwanira, ndi timapaketi ta Thanzi. Akachisi akuluakulu amalipitsa pakhomo, mtengo wa alendo akunja ndi wokwererapo kuposa wa eni dziko, ndipo ngati mukufuna kulowa ambiri, funsani za tikiti imodzi yophatikiza akachisi angapo.

Zoti muone, ndi momwe mungaziwerengere

Musanalowe, phunzirani mawu atatu. Wat ndi kachisi pamodzi ndi bwalo lake lonse. Prang ndi nsanja yooneka ngati chitsononkho choimika, mamangidwe amene anachokera kwa Akhmer a ku Angkor, m'dziko la Cambodia. Chedi ndi nsanja yonga belu lovundikira, yosongoka pamwamba, imene mkati mwake ankasungamo zotsalira zopatulika kapena phulusa la mafumu. Njerwa zofiira zimene mukuonazo kale zinali zokutidwa ndi pulasitala woyera wosemedwa maluwa, ndipo nsonga zina zinali zopakidwa golide. Madenga anali a matabwa ndi matailosi, n'chifukwa chake anapsa, n'kutsala mizati yokhayokha. Nyumba za anthu wamba, zomwe zinali za matabwa ndi nsungwi, sizinasiye kanthu.

Yambani ndi Wat Mahathat m'mamawa anthu asanachuluke. Kachisiyu anamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo ndi pamene pali chinthu chimene aliyense amabwerera: mutu wamwala wa chifanizo cha Buddha, woyambitsa chipembedzo cha Chibuda, umene mizu ya mtengo inaukumbatira. Mtengowo ndi wa banja limodzi ndi kachere ndi mkuyu, ndipo amene anaonapo kachere akumeza chipupa cha sitolo yakale adzamvetsa mmene zinachitikira. Pojambula chithunzi pamenepo muyenera kugwada kapena kukhala pansi, kuti mutu wanu usapitirire mutu wa Buddha, ndipo pali mlonda amene amakumbutsa oiwala. Mukachoka pamtengopo musathamangire kuchipata. Yendani m'mbali mwa khoma muone mizere ya zifanizo zokhala pansi zopanda mitu. Nkhondo ya 1767 inawononga zambiri, koma mitu ina yambiri inadulidwa pambuyo pake ndi akuba amene ankaigulitsa kwa osonkhanitsa zinthu zakale akunja.

Kutsidya kwa msewu kuli Wat Ratchaburana, amene kwa ine ndiye ali ndi nkhani yogwira mtima koposa. Mfumu itamwalira mu 1424, ana ake awiri aakulu, Ai ndi Yi, analimbirana ufumu atakwera njovu, ndipo onse awiri anafera pomwepo. Wachitatu, Sam, analowa ufumu n'kumanga kachisiyu pamalo pamene anatenthera mitembo ya akulu akewo. Mayina atatuwo amangotanthauza woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Pansi pa prang yake pali chipinda chimene chinabisika zaka zoposa 500, mpaka mu 1957 pamene akuba anachiboola n'kutulutsamo golide wochuluka. Zimene boma linapulumutsa zili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chao Sam Phraya, pachilumba pomwepo. Kumeneko ndiko koyenera kupita masana dzuwa likakula, chifukwa mkati mwake ndi mozizira, ndipo ukaona zisoti, lupanga ndi kanjovu ka golide m'pamene umakhulupirira kuti milu ya njerwa ija inalidi mzinda wolemera. Lolemba nyumbayi imakhala yotseka.

Wat Phra Si Sanphet anali kachisi wa banja lachifumu, mkati mwa mpanda wa nyumba ya mfumu, ndipo simunkakhala amonke, amene ali ngati ansembe a Chibuda. Ma chedi ake atatu oima mondondozana amasunga phulusa la mafumu atatu. Munalinso chifanizo choimirira cha mamita 16 chokutidwa ndi golide, chimene adani anachitentha kuti asungunule golideyo. Za nyumba ya mfumu yeniyeniyo patsala maziko okha, mwa zina chifukwa chakuti likulu litasamukira ku Thonburi, kenako ku Bangkok mu 1782, njerwa zambiri za ku Ayutthaya zinatengedwa pa mabwato kukamangira mzinda watsopanowo. Chapafupi pali Wihan Phra Mongkhon Bophit, momwe muli chifanizo chachikulu cha mkuwa ndipo anthu amapempheramo tsiku ndi tsiku, komanso Wat Lokayasutharam, pamene pali chifanizo chogona chotalika kupitirira mamita 35 pabwalo poyera; pamenepa mphindi khumi ndi zokwanira.

Kunja kwa chilumba kuli akachisi atatu oyenera tsiku lachiwiri. Wat Yai Chai Mongkhon ali ndi chedi yaitali imene mungakwere pa masitepe, yokumbutsa kupambana kwa mfumu Naresuan pa nkhondo ya pa njovu ndi kalonga wa ku Burma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1590. Mukaona ziboliboli za atambala zambirimbiri pa malo okumbukira mfumuyi, ndi mphatso za anthu, potsatira nthano yakuti tambala wa Naresuan anagonjetsa wa kalongayo pamene Naresuan anali chikole ku Burma ali mnyamata. Wat Phanan Choeng ndi wakale kuposa mzinda weniweniwo, wa mu 1324, ndipo muli chifanizo chokhala pansi cha mamita 19 chimene opembedza amachiveka nsalu zachikasu. Wat Chaiwatthanaram, amene mfumu Prasat Thong inamanga mu 1630 m'mbali mwa Chao Phraya, musungireni madzulo, pamene dzuwa lolowa limafiiritsa prang yake ya mamita 35 ndi nsanja zing'onozing'ono zoizungulira. Mabwato a madzulo ozungulira chilumba amaima pa ena mwa akachisi amenewa, ndipo ndi njira yabwino yoonera mzinda monga ankauonera amalonda akale.

Amalondawo ankachokera kutali. Apwitikizi anafika ku Ayutthaya mu 1511, m'zaka zomwezo za m'ma 1500 zimene anzawo ankakwera Zambezi kukakhazikika ku Sena ndi ku Tete, kufupi ndi kwathu kuno. Kumwera kwa chilumba kuli mabwinja a mudzi wawo ndi manda ofukulidwa a tchalitchi chawo, ndipo kutsidya lina kuli malo a Adatchi ndi a Ajapani. Ngati nthawi yachepa, malo amenewa mungawadumphe.

Mwambo

Pano m'pamene alendo ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti poti denga linagwa ndiye kuti kupatulika kunatha. Kwa Athai, chifanizo cha Buddha chimakhalabe chopatulika ngakhale chitaduka mutu, ndipo mudzaona maluwa, lubani ndi nsalu zatsopano pa zifanizo zophwanyika. Ife a kuchigwa tikudziwa kuti ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, munthu salowa mmene wafunira, koma amatsata zimene osunga malowo anena, kaya iye amapemphera kumpingo uti. Mtima womwewo ndi umene ukufunika kuno. Mkhristu kapena Msilamu sakakamizidwa kugwadira chifanizo, kuyatsa lubani kapena kupereka nsembe. Chimene akupemphedwa ndi kusanyoza.

Valani zobisa mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe. Amayi, chitenje chanu chikwanira bwino lomwe, ndipo chidzakuthandizaninso kudziphimba kudzuwa. Vulani nsapato polowa m'nyumba iliyonse yopemphereramo, choncho valani zosavuta kuvula. Mukakhala pansi, pindirani miyendo kumbuyo kuti mapazi asaloze chifanizo kapena mmonke, chifukwa kumeneko phazi ndi chiwalo chonyozeka ndipo mutu ndi wolemekezeka. Pa chifukwa chomwecho musasisite mutu wa mwana wa eni ake, ngakhale kwathu ndi chikondi. Musakwere pa makoma kapena pa zifanizo, ndipo musaimirire kuseri kwa chifanizo chopanda mutu n'cholinga choti mutu wanu uoneke ngati wake pa chithunzi. Mayi sakhudza mmonke kapena kumupatsira chinthu m'manja, koma amachiika pansi kapena pa nsalu imene mmonkeyo wayala. Moni wawo ndi kuphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono, chinthu chosavuta kwa anthu ozolowera kuwomba m'manja pamaso pa akulu. Za banja lachifumu la Thailand musanenepo nthabwala kapena chidzudzulo, pakamwa ngakhale pa Facebook, chifukwa lamulo la kumeneko limapereka chilango cha zaka zitatu mpaka 15 m'ndende.

Pafupi ndi akachisi a pakati mudzaona njovu zovekedwa nsalu zofiira zitanyamula alendo. Ine sindikulimbikitsani kukwera. Njovu imene ikuyenda pa tala wotentha tsiku lonse itasenza mpando si yofanana ndi imene mumaiona ku Majete ikuthyola nthambi mwaufulu, ndipo ndalamayo ndi bwino muigwiritse ntchito pa bwato la madzulo. Chenjeraninso ndi agalu osokera amene amagona m'mabwinjamo, makamaka kukada. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Nsima simukaipeza, koma mpunga uli paliponse. Chakudya chawo chimawawa tsabola kuposa kambuzi, ndiye ngati simupirira nenani kuti mai phet, kutanthauza kuti asaike tsabola wambiri. Mzindawu umadziwika ndi nkhanu zikuluzikulu za mumtsinje, za mtundu wa prawns, zootcha pamakala, zomwe ndi zokwera mtengo, ndiponso roti sai mai, timaulusi ta shuga tokulungidwa m'kachapati kopyapyala, tomwe timagulitsidwa kwambiri ndi mabanja achisilamu m'mphepete mwa msewu wa U Thong. Asilamu sadzavutika kupeza chakudya cha halaal, popeza ku Ayutthaya kwakhala Asilamu kuyambira nthawi ya mafumu.

Pogula zokumbukira ulendo, sankhani nsalu, madengu kapena tinsomba toluka ndi masamba a mgwalangwa tomwe amapachika pamwamba pa kama wa mwana. Chifanizo cha Buddha, ngakhale chatsopano, chimafuna chilolezo cha dipatimenti ya boma yoona za zinthu zakale kuti chituluke m'dzikolo, ndipo chidutswa cha njerwa kapena cha pulasitala chotola m'mabwinja chingakuchititseni kumangidwa pa bwalo la ndege. Tsiku lobwerera, musagwirizanitse sitima ya ku Ayutthaya ndi ndege ya tsiku lomwelo mothinana, chifukwa sitima zochokera kumpoto zimachedwa kawirikawiri; kagoneni ku Bangkok usiku womaliza, ndipo pa bwalo la Suvarnabhumi mukafike kudakali maola atatu ndege isananyamuke.